Moni wa a Makwinja pa foni

Ndikakumbukira a Makwinja, ndimamva fungo la ayironi ya makala ikudutsa pa nsalu yonyowa, ndi kulira kwa makina awo osokera kuyambira m'mawa tikamapita kusukulu mpaka dzuwa kupendeka. Anali telala, oyandikana nafe nyumba ku Kawale, bambo wamfupi wochokera ku Mulanje, tepi m'khosi, mapini pakamwa. Makina amenewo ndiwo ankawasunga m'tauni muno. Ankanena okha kuti tsiku limene makinawo adzakhale chete, iwo adzakwera basi ya kumudzi.

Pakhonde pawo munthu sunkangofika n'kutchula chimene ukufuna, ayi ndithu. Unkayamba wakhala pa benchi, iwo n'kukufunsa za kunyumba, za mvula, za amene akudwala. Kenako ankati, "Tayendani kufika pampopi apo, mubwerenso." Ankayang'ana mmene phewa likugwera, mmene chiuno chikuyendera, ndiye n'kutenga tepi. Za mtengo zinkabwera pomaliza penipeni.

"Ine sindisoka nsalu," ankatero, "ndimasokera munthu."

Ndili Fomu 2 zinthu zinatembenuka. Atsikana a m'dera lathu anayamba kugulitsa madiresi pa Fesibuku ndi pa Watsapu, obwera m'makatoni kuchokera kunja, mtengo wake wosafika ngakhale pa wa nsalu yokha imene a Makwinja ankagula m'tauni. Unkangoloza chithunzi, wakabaza n'kukubweretsera pakhomo. Benchi ija inayamba kukhala fumbi.

Mwana wawo wa ku Joni anawatumizira foni yamakono, nawatsegulira tsamba, n'kuikapo zithunzi za zovala zawo. Ndipotu anthu anazikonda! Mauthenga ankabwera, koma onse liwu limodzi: "Zingati?" A Makwinja ankavala magalasi, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono: "Zikomo mayi. Mwadzuka bwanji? Ana ali bwanji kunyumba? Tabwerani ku Kawale tidzakuyezeni, za mtengo tidzakamba titakhala pansi." Ankadikira yankho tsiku lonse, foni ili pambali pa makina, mpaka bandulo kutha. Palibe ankayankha.

Amayi anga anawauzapo ali pachingwe choyanika zovala. "Abambo, ingolembani mtengo ndi saizi basi. Anthu a pafoni alibe nthawi ya moni."

"Saizi ya ndani, mayi? Munthu sindinamuone, ndimutchulire mtengo? Ngakhale mbuzi timayamba taiona."

Tinaseka. Inenso ndinaseka kwambiri, ndipo mpaka lero kuseka kumeneko kumandiwawa.

Pomaliza Fomu 4 kunali phwando lotsanzikana. A Makwinja ndiwo anandisokera yunifomu iliyonse kuyambira Sitandade 1, koma ine ndinavutitsa amayi mpaka anandigulira diresi yofiira ya pafoni. Itafika, aaa! M'khwapa yothina, mbali imodzi yaitali kuposa inzake. Ndinavalabe. Njira yotulukira inali imodzi yokha, yodutsa pakhonde pawo, ndipo ndinayenda nditazolika.

"Chikondi, tabwera."

Anandiyang'ana kuchokera kumapewa mpaka kumaondo.

"Tayenda kufika pampopi apo, ubwerenso."

Ndinayenda, misozi ili mbwe. Nditabwerera anati ndikavule, ndiwapatse. Sanafunse kumene ndinagula. Anamasula ulusi, nadula, napalasa makina aja, ndipo posakhalitsa diresi inandikhala ngati ndinabadwa nayo. Amayi atabwera ndi ndalama, a Makwinja anakana.

"Iyi anasokera munthu wina," anatero, "koma tsopano ndi yako. Pita usachedwe."

Sindikumbukira kuti ndinamvanso makinawo akulira. Mvula isanayambe kunabwera bambo wina wa ku Mgona, nagula makinawo, nawamangirira pa njinga yamoto ndi malamba a labala. A Makwinja anaima pakhonde manja ali kumbuyo. Sabata yomweyo anakwera basi. Tepi yawo anasiyira amayi kuti andipatse. Za maliro a bambowo tinamva patapita zaka ziwiri, pa gulu la Watsapu la mpingo.

Lero ndimakhala ku Area 25, ndipo ntchito yanga ndi yomweyo imene inawathamangitsa: ndimagulitsa madiresi a m'makatoni pa foni. Sindinalemere nayo. Makasitomala ambiri aphunzira kuitanitsa okha kuchokera kunja, ndiye nanenso benchi yanga ikukhala fumbi. Tsiku lina ndinayesa kuyamba ndi moni, n'kufunsa za kunyumba. Mayiyo anawerenga, osayankha, nakagula kwina.

Tepi ija ili pa msomali kuchipinda, manambala ake anayamba kufufutika. Sindinayezepo nayo munthu. M'mawa uno foni inalira, wina walemba kuti, "Zingati?" Ndinayang'ana pa msomali paja, kenako ndinalemba mtengo wokha.