Manachesi a pa siteji

Lachinayi lina ndinkachokera ku mapemphero a amayi, nditavala bulauzi yoyera ndi duku loyera. Amene anaphunzitsa tsikulo ndinali ine, zoti Mkhristu azikhala ngati mchere pakati pa anthu, ndipo amayi anati ndalankhula bwino.

Pa siteji ya pa boma ndinapeza anyamata oitanira minibasi atazungulira mtsikana wovala thalauza. Masiku amenewo akazi anali atangoyamba kumene kuvala mathalauza. Anyamatawo ankamukuwiza, wina n'kumamukoka chikwama.

Mtsikanayo ataona duku langa anathamangira kwa ine. "Mayi, ndiime nanu pano," anatero. "Inuyo akuopani."

Ankanena zoona. Awiri mwa anyamatawo ndinkawadziwa, amayi awo ndinkaimba nawo kwaya. Ndikanangotchula dzina la mmodzi, onse akanabalalika. Koma ndinaganiza za amayi anzanga amene ankabwera m'mbuyo mwanga, ndi zimene akanalankhula atandiona nditaima ndi wathalauza.

Ndinawerama pa dengu la manachesi. "Awawa ndi otsekemera?" ndinafunsa wogulitsa. Ndinayamba kusankha, kuwafinya, kuwanunkhiza, mpaka phokoso lija linasunthira kutsidya kwa msewu. Mmene zinathera sindikudziwa, chifukwa sindinacheuke.

Ndinafika kunyumba ndi jumbo yodzaza. Amuna anga anayang'ana jumboyo, kenako anayang'ana mitengo yathu kuseri kwa nyumba, kumene manachesi ankangowolera pansi.

"Nanga awa?" anafunsa.

"Anali otchipa," ndinatero, ndikuvula duku.