Kachilombo Kopanda Mfunda

Ndili ku labotale komwe ndimagwira ntchito, koma pansi ponse pali madzi a m'nyanja yamchere olekeza m'mawondo. Abwana akundipatsa nkhanu yodwala, chigoba chake chatuwa ngati phulusa.

"Mayi, tizilombo tili m'magazi akemo mutigawe m'mitundu yake. Kopanda mtundu mukatsanulire m'sinki."

Ndikusuzumira pa makina okuzira tinthu tosaoneka ndi maso. Tizilombo tandanda pamzere ngati anthu pachigayo. Ndikufunsa kamodzikamodzi, "Mfunda wanu ndani?" Tamichira tikuti ndife a Phiri, tozungulira tikuti a Banda, ine ndikungolemba m'buku.

Katsala kamodzi, kovala nsapato imodzi yasukulu. Kakuyankhula ndi mawu a mwana wanga wamkazi, uja bambo ake anamukana.

"Amayi, nanga ine mundilemba pati?"

Ndikuvundukula masamba onse a bukulo, malo ake palibe. Nkhanu ija yafa kale. Abwana akuloza sinki ndi cholembera. Ndikukatsanula, kenako ndikutsuka galasi la makina aja bwinobwino.

Ndadzuka mtima uli zii. Mwanayo akupesa tsitsi pakhomo, akundifunsa ngati ndagona bwino. Ndangoti eya.