Kamba wa ku Joni

M'chaka changa chachisanu ndikuphunzitsa ku Bolero, akuntchito ananditumiza ku maphunziro a sabata imodzi ku Joni. Pa ndegetu, ine mwana wa ku Thyolo amene ndinkangoiona ikudutsa m'mitambo. Ndinayamba kuyenda monyang'wa. Aliyense wondipatsa moni ndinkamuuza zomwe amuna anga anapeza pa foni: Joni ndi kutali kasanu kuposa Lilongwe, koma kuchoka ku Lilongweko pa ndege ndi maola awiri ndi theka basi.

Apongozi anga aakazi okha ndiwo sanatekeseke nazo. Ine ndi iwo tinkangolemekezana, osapitirira apo. Chitumbuka changa chinali chotsimphina, ndipo ndinkadziwa kuti akanakonda mwana wawo akanakwatira wakonkuno, wodziwa nyimbo za kutchalitchi kwawo pamtima. Zinkandiwawa, kungoti sindinkanena.

M'mawa wa tsiku lonyamuka apongoziwo anatulukira ndi bakuli lachitsulo lomanga m'kansalu. Munali nkhuku yathunthu yokazinga, mbatata zophika ndi mtedza, kamba wa masiku atatu monga amakonzera okwera basi za ku Joni. Ndinaseka, n'kuyamba kuwaphunzitsa masamu a maola anga aja ngati ndili m'kalasi. Ndinawonjeza kuti m'ndege amagawa chakudya. Iwo ankangondiyang'ana, bakuli lili m'manja, mpaka amuna anga anandiponda chala. Ndinalandira ndi manja awiri, manyazi atandigwira.

"Bakuli ili mukabwere nalo, mkamwana," anatero apongozi. "Latsala limodzi lomweli."

Masamu anga aja anaiwala msewu. Minibasi ya ku Bolero inazungulira kusaka anthu mpaka dzuwa linakwera. Pa Rumphi boma tinadikiranso kuti ina idzaze. Ku Mzuzu kondakitala analumbira kuti tikunyamuka pompano, koma pa pompano wakeyo ndege ikanafika ku Joni n'kutsitsa anthu. Miyendo ya nkhuku ndinadyera pa depoti pomwepo, chidale m'Chikangawa, mbatata pa Jenda. Mtedza ndinagawana ndi mayi wina amene anandisenzetsa mwana wake pamiyendo. Pofika ku Lilongwe madzulo munatsala mafupa okhaokha. Mawa lake m'ndege anatipatsa kabanzi kochepa ngati chibakera cha khanda, ndipo ndisanakhazikike bwino tinali titatera.

Ndili ku Joniko ndinaimbira amuna anga, ndikuseka za nkhuku ija. Iwo sanaseke. Anandiuza kuti mabakuli aja anali awiri ofanana. Linalo linapita ndi achimwene awo aakulu, amene anakwera basi ya ku Joni kalekale kukafuna ntchito. Alamu angawo ndinkangowadziwira pa chithunzi cha pabalaza. Sanabwerenso, ngakhale kalata. Mtima unandipweteka pokumbukira mmene ndinasekera.

Mbale sibwerera yopanda kanthu, choncho ndinadzazamo masiwiti ndi masamba a tiyi. Ulendo wonse wobwerera bakulilo linali pamiyendo panga, m'ndege ndi m'minibasi momwe.

Ndinawapeza apongozi ataima pamsewu, pomwe minibasi imatsitsira anthu. Akuti anayamba kudikira masana. Ndinanyonyomala n'kuwapatsa bakuli lawo, koma sanalitsegule n'komwe. Analiika pansi, n'kundigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Mwawera, mwana wane," anatero m'Chitumbuka, kunena kuti ndabwerako, ine mwana wawo. "Yewo chomene."

Sanandisiye dzanja mpaka kunyumba. Bakuli anatola ndi amuna anga.