A Sikelo Akwera pa Sikelo

Ku Haarlem, pamalo ogulitsira zomangira nyumba, ukafunsa za a Tjeerd Wiersma ena ankakanda mutu, koma ukati "a Sikelo" aliyense ankakulozera. Moyo wawo wonse unathera pa mabolodi a siling'i ndi a makoma a m'kati. Ankangogwira bolodi pakona, kulitukula pang'ono, kutsinzina diso limodzi, n'kutchula makilo ake. Akatero madalaivala ankapakira mosakayika. Matama anali nawo, tisabise, koma anali matama okhala ndi pogwira.

Chaka chimene anapuma pantchito, m'mimba mwawo munalowa chinthu. Dokotala anachitchula dzina, iwo n'kubwerera kunyumba osauza munthu. Akazi awo anali atatsogola kale, ndipo wotsala anali Femke, mwana wawo mmodzi yekhayo, amene pa nthawiyo anali woyembekezera. A Wiersma anatsimikiza mumtima kuti Femke asamve kanthu mpaka khanda litabadwa. Thupi litayamba kutha, anaboola lamba mabowo atsopano, n'kumavala majuzi awiri ngakhale dzuwa likuswa mtengo.

Femke ndi mwamuna wake Ruurd anali atagula nyumba yakale, ya masitepe oti ngakhale mpando sukhota. Chipinda cha khanda chinali cha pamwamba penipeni, choncho mabolodi anayenera kukwera ndi chingwe, pa mbedza ya mtanda wa kudenga, n'kulowera pawindo. Mtandawo unali wokalamba, ndipo wonena kuti mtolo umodzi ukhale wa mabolodi angati akanakhalanso ndani?

Loweruka m'mawa a Sikelo anagwira bolodi pakona. Linakana. Anayesanso, linangotukuka pang'ono, mantha n'kuwagwira. Komabe munthu amene wakhulupirira dzanja lake moyo wonse salikayikira tsiku limodzi.

"Awa si mabolodi wamba," anatero. "Akupatsani olemera aja otchinga phokoso. Awiriawiri basi, mtanda ungathyoke."

Ruurd anaseka. "Awiriawiri, apongozi? Mwana adzabadwa mpaka kuyamba sukulu ife tikukokabe chingwe! Ndi wamba awa, ndatsitsa ndekha dzulo."

"Iwe bolodi unalidziwa liti? Timanja tako n'ta kompyuta."

"Inu mukangokangana, khofi akuzizira," anatero Femke. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi sikelo ya m'bafa, naiika pakhomo. "Ababa, nzeruyi munandiphunzitsa ndinu. Mukwere ndi bolodi, kenako mukwere nokha, tichotsere."

"Akwere mwamuna wakoyo."

"Ameneyu? Angabere. Mkangano ngwanu, kwerani."

Akanatha kukana. Akanatha kunena kuti bondo likuwawa. Koma mkamwini anali akumwetulira, ndipo maganizo awo onse anali pa bolodi, poti ankafunitsitsa kumutseka pakamwa. Za majuzi awiri aja anaiwaliratu.

Atakwera pa sikelo, Ruurd anawathandiza kulinyamula, nalisiya m'manja mwawo. Femke anagwada movutikira, mimba ili patsogolo, nawerenga. Ruurd atachotsa bolodi, Femke anawerenganso mokweza.

"Ndimanena ine!" anakuwa Ruurd atachotsera. "Wamba weniweni! A Sikelo agwa nayo lero!"

Palibe anamuthandiza kuseka. Femke sanali kuchotsera kanthu. Maso ake anali pa nambala yachiwiri ija. Bambo akewo, chikhalire, ankadzitama kuti ndi munthu wa makilo handiredi, woti mphepo ya kunyanja simusuntha. Sikelo inali kunena sikisite ndi pang'ono.

Pamenepo m'pamene a Wiersma anazindikira. Bolodi linali lomwe lija la masiku onse, wopepuka anali iwo. Zinawawawa kawiri: dzanja linali litawanamiza, ndipo bodza la dzanjalo ndi limene linawakweza pamenepo.

"Sikeloyi njakufa," anatero chapansipansi.

"Ndakwerapo m'mawa uno, Ababa."

Femke anadzuka pogwira mkono wawo, ndipo zala zake zinazungulira mkonowo n'kukumana, majuzi awiri ali momwemo. Anatukula majuziwo, naona lamba ndi mabowo ake oboola ndi msomali.

"Kuyambira liti?"

A Wiersma anayang'ana chingwe chikulendewera pa mbedza, kenako windo la chipinda cha khanda.

"Tiyeni tikweze kaye mabolodi, mwanangu," anatero. "Akanyowa amalemera."

Femke sanawasiye mkono.