Galimoto Yogula ndi Khutu

Zaka zimene matipate anali atangoyamba ndinkagwira ntchito ya utaipisiti pa galaja ina m'tauni. Galimoto iliyonse yobwera kudzakonzedwa inkadutsa pa tebulo langa: yavuta chiyani, sipeya yake ipezeka kuti, ituluka liti. Sipanala sindinagwirepo, koma ndinkadziwa galimoto yodwaladwala ndi galimoto yolimba kuposa abambo ambiri ovala tayi.

Tinkakhala ku Zingwangwa. Amayi anga, a ku Nsanje, anadzakhala nafe atafa ziwalo mbali imodzi. Anachira mpaka kumakhala tsonga ndi kulankhula, koma kukwera basi kunali kosatheka, chifukwa mwendo sunkafika pa sitepe ndipo thupi silikanapirira kuthinana kuja. Chimene ankapempha chinali chimodzi: kukaona mng'ono wawo wosaona amene anatsala kumudzi, akambeko naye asanasiyane. Ndiye kampani imene bambo a ana anga ankagwirako itachotsa anthu ntchito, iwo n'kulandira zawo, tinagwirizana kugula galimoto yakale. Ulendo woyamba unayenera kukhala wa ku Nsanje.

Zinapezeka zitatu. Ina inali yaing'ono yoyera ya ku Japani, ya zitseko zinayi, ya mphunzitsi wina wopuma ku Chilomoni. Mtundu umenewu kugalaja unkangobwera kudzasintha oyilo n'kumapita. Mafuta inkamwa ngati ikuchita manyazi, ndipo masipeya ake ankayalidwa pa ziguduli mu msika wa Ndirande. Ina inali yaitali ya ku Falansa, yokwera bwino m'misewu yokumbika, koma iyo inali ndi matenda otentha injini, ndipo Chigwa cha Shire si malo opitako ndi galimoto yotentha kale. Yachitatu inali chigalimoto chakuda cha ku Jeremani, cha bwana wina wabizinesi amene ankachigulitsa mofulumira modabwitsa. Makhadi a kugalaja a galimoto za mtundu umenewo ndinkawadziwa. Ankakhalitsa m'dirowa langa kudikira sipeya yochokera ku Joni.

Zonsezi ndinawafotokozera bambo a ana, osati kamodzi. Anagwedeza mutu ngati amva, kenako Loweruka anatenga anzawo atatu a pa bawo kuti akawathandize kusankha. Ine ndinadzikakamiza ndekha kupita nawo.

Mayeso awo ndimapsa nawo mtima mpaka lero. Sanatsegule boneti, sanayang'ane utsi, sanafunse kuti mwini wake akuigulitsiranji. Ankatsegula chitseko n'kuchimenyetsa, onse n'kutchera khutu. Ya ku Japani inati phwa, iwo n'kuseka kuti ndi chitini cha nsomba, mwana atha kuchiboola ndi msomali. Ya ku Falansa anati ndi ya madalaivala a mabwana. Ya ku Jeremani inati di, pamenepo wamkulu wa gululo, amene kale ankayendetsa lole, anaigogoda ndi chala n'kulengeza kuti chitsulo chenicheni ndi chimenechi. Wina anakhala pa buti, ataona kuti sinatsike anati nkhani yatha.

Ndinanena pamaso pa onse kuti galimotoyo ikadzafa sidzadzuka msanga. Bambo a ana anandiyankha akumwetulira, kuti anzawo amve.

"Amayi a ana, inu mumataipa. Zoyendetsa tisiyireni ife."

Laisensi yawo inali isanathe mwezi m'thumba.

Sindikana, inali yokongola. Italowa m'mzere wathu amayi oyandikana nawo analulutira, ana anaithamangira, ndipo ineyo ndinamva kukoma pang'ono. Koma kwathu kuno galimoto yokongola si yako wekha. Loweruka loyamba inanyamula mkwatibwi wa mumphakati wathu wa kutchalitchi, chifukwa wa galimoto sakana ukwati. Loweruka lachiwiri kunagwa maliro ku Bangwe, ndipo maliro ndiye sakanidwa n'komwe. Loweruka lachitatu unali ukwati wina, wa anthu amene sitinkadziwa ngakhale dzina la mkwati, koma anamva kuti ku Zingwangwa kuli galimoto yakuda. Ndikafunsa za ku Nsanje, bambo a ana ankandiuza kuti Nsanje sathawa.

Pomaliza tinapangana tsiku. Lachisanu masana, ulendo uli mawa lake, galimoto inazimira pa geti ndipo sinalirenso. Makaniko wa ku Ndirande anati pampu ya mafuta yafa. Anayendayenda msika wonse osaipeza, n'kuyesa kumangirira ya mtundu wina, ndipo anangowonjezera matenda. Tinatuma munthu wa geni wopita ku Joni. Patapita milungu anabwera ndi pampu yonyezimira, ya galimoto ina. Matayala anaphwa, galimoto inakwezedwa pa miyala, nkhuku za aneba zinayamba kuikira mazira pansi pake. Chitini cha nsomba chija anali atagula mnyamata wina wa taxi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkachiona chikukwera chitunda cha ku Soche, anthu ali thithithi.

Ndinati tibwereke galimoto ina, ngakhale ya taxi yomweyo, tiwapereke amayi. Bambo a ana anakana kwamtuwagalu. Anati anthu adzatiseka, munthu wa galimoto pakhomo n'kumabwereka ya mnzake, ndipo anzawo a pa bawo adzati mkazi wawagonjetsa. Sabata yamawa, sabata yamawa. Apa ndimadzikwiyira ndekha, chifukwa ndinkalandira malipiro anga, miyendo ndinali nayo, pakamwa ndinali napo. Ndinasankha mtendere wa m'nyumba.

Amayi sanadandaule. Ndikamawasambitsa m'mawa ankangosuzumira pawindo n'kufunsa kuti, "Yadzuka, mwananga?" Ndinkati yatsala pang'ono. Pakupita kwa masiku anasiya kufunsa.

Anamwalira nyengo ya chiperoni. Ku Nsanje anapita pa lole imene abwana anga a kugalaja anatibwereka, amayi anga m'bokosi, ife amayi a mumphakati titawazungulira tikuimba. Lole yakale yofuka utsi, koma inatsika chitunda chonse cha ku Thabwa osatsokomola, ndipo dzuwa lisanapendeke tinali titafika. Ulendo umene tinaulephera miyezi yonse ija unali wa theka la tsiku.

Amayi aang'ono, mng'ono wawo wosaona uja, anthu anawatulutsa m'nyumba atawagwira dzanja. Anapapasa bokosi kuyambira kumutu mpaka kumiyendo, pang'onopang'ono, kenako anafunsa kuti ndaima pati. Nditawayandikira anandigwira mkono.

"Tinamva kuti munagula galimoto. Bwanji simunabwere naye akadalankhula?"

Ndinacheuka kuti ayankhe ndi bambo a ana. Anali ataima kumbuyo kwa amuna anzawo, chipewa m'manja, maso pansi. Amayi aang'ono sanandisiye mkono. Ankadikira ine.