Kakitasi Wanga wa ku Misuku

Ndinatsimikiza zochoka tsiku limene bambo anandipatsa chitini chothirira nazale ya khofi. Panali patangopita sabata chibwerere ku koleji ya zaulimi, komwe ine ndi mayeso tinapatukana mwamtendere, popanda ankhoswe. Ndinayang'ana chitinicho, ndinayang'ana nkhungu ikutsika m'nkhalango ya Mughese, ndipo miyendo inayamba kuyabwa. Tusekile, mkazi wanga, anali ndi mwana kumsana. Anangofunsa kuti, "Mubwera liti?" Ndinati posachedwa.

Anzanga anatsikira m'migodi ya ku Joni. Ine chifuwa chinandikanitsa, choncho ndinapitirira mpaka kumene msewu umathera mumchenga. Kumeneko mayi wina wachibunu, wouma ngati chikuni, ankadzala zomera zaminga za m'chipululu zotchedwa kakitasi n'kumagulitsa. Atamva kuti ndinapondako ku koleji anati, "Zonse unaphunzirazo uiwale. Ntchito yako n'kusathirira." Aka kanali koyamba munthu kuona luso langa.

Poyamba ndinkaziona ngati nkhadze zosaleredwa. Koma ukakhala wekha nthawi yaitali, maso amatseguka. Zina zinali zobulungira ngati dzungu, minga yake yachikasu ikuwala dzuwa likamalowa. Zina zazitali, mikono m'mwamba, ngati munthu amene wamugwira alibe khadi la chipani. Panali china cha imvi thupi lonse, chomwe ndinkachipatsa moni wa kwathu m'mawa uliwonse: "Mwaghona, agogo." Ndipo kamodzi pachaka kanthu kaukali ngati kameneko kankatulutsa duwa lofiira, lofewa kuposa tsaya la khanda, mawa lake n'kufota. Ndinkaliyang'ana mpaka khosi kuwawa, ndilibe womuitana kuti adzaone.

Ndalama ndinkatumiza akapezeka wopita kwathu. Mawu ankabwera ndi anthu omwewo: denga likudontha, mwana wayamba kuyenda, mwana wayamba sukulu, mwana akufunsa ngati bambo ake ndi aatali. Funso lomalizalo linandisowetsa tulo. Ndinanyamuka ndi sutikesi, ndi kakitasi mmodzi wamng'ono m'chitini cha mkaka.

Pachipata cha Chitipa, wapolisi wa kumwera anayamba wandimeta tsitsi, poti linali litapyola malamulo. Kenako analoza chitini.

"Nanga ichi, achimwene?"

"Duwa, bwana."

Anachigwira, n'kuyamwa chala. "Duwa lotsutsa boma limeneli. Dutsani msanga."

Kumudzi mvula inandilandira mbumba isanandilandire. Zonse zinali zobiriwira mopanda ulemu: nthochi, khofi, ndere pamakoma. Nsapato zinachita nkhungu. Mwana wanga Lusekelo ankandiyang'ana ngati mlendo wochedwa kutsanzika. Sindinkatha kukhala pansi, ndinkangozungulira nyumba. Tsiku lina ndinaika chitini cha kakitasi pakhonde n'kulengeza pamaso pa onse, mwaulemu wa pamaliro, kuti, "Asathirire munthu. Chikafa ichi, ndiye kuti dziko lino latikana tonse awiri, ndibwerera." Anthu anaseka. Tusekile sanaseke.

Koma kwathu chomera chouma ndi manyazi a mudzi wonse. Mayi anga ankachithira madzi otsukira makapu, akunong'ona kuti "pepa". Apongozi atabwera kudzandiona anachikhuthulira madzi osamba m'manja. Mkulu wa mpingo anachiwaza katatu. Aliyense ankachita mobisa, aliyense akuganiza kuti ndi yekha wachifundo. Pasanathe mwezi, tsinde linafewa ngati papaya lakupsa.

Ndinachitaya kuseri kwa khola, n'kutsitsa sutikesi. Kunena zoona, mtima unapepuka. Ndinayamba kufunsa za malole opita kumwera.

Mmawa umene ndinati ndinyamuke, Tusekile anandiitanira kukhitchini. Utsi unali tolo. Anakwera pampando, n'kupisa dzanja pansanja ya pamwamba pa moto, pomwe timasungira mbewu ya mawere ndi nyemba. Anatsitsa chigoba cha mphika. Munali mutu wa kakitasi uja, wodulidwa ndi mpeni wosendera chinangwa, wakuda bii ndi mwaye, wokwinyika ngati chigongono.

"Wafa ameneyo," ndinatero.

"Abambo a Lusekelo, muyang'anitsitse. Paja munapondako ku koleji."

Pansi pake panali timizu toyera, ndipo pambali panatuluka kamwana kobiriwira, kakang'ono ngati nyemba, minga yake kale ili chilili.

"Unadziwa bwanji?"

"Sindinadziwe kanthu. Chimene sitikufuna kuti chiwole timachiika pamenepo." Anapukuta zala zake, zolasidwa paliponse. "Munanena nokha pamaso pa anthu. Chikafa. Sichinafe."

Ndinafuna kutsutsa, koma mboni zinalipo zambiri, ndi mkulu wa mpingo yemwe.

Sutikesi inabwerera pamwamba pa kabati, ndipo nayonso yachita nkhungu. Kakitasi amakhala pawindo, mkati, ndipo Lusekelo amamulondera ndi kamtengo agogo ake akayandikira ndi kapu. Duwa sanatulutsebe. Miyendo imayabwabe mwezi wa Juni, mphepo ikamachokera kumwera. Zikatero Tusekile amangondipatsa chitini chothirira, n'kuloza ku nazale.