Khadi la Ubatizo Limene Linamanitsa Alongo Anga Viza

Kalata yanga yoyamba yodandaula ndinalemba Lolemba lotsatana ndi Pasaka chaka chathachi. Yachiwiri ndinalemba tikuthyola thonje, yachitatu pamene njovu zinayamba kulowa m'midzi kudzadya mango. Zonse zitatu ndinatumiza ku ofesi yopereka maviza ku Lusaka, ndipo makope ake ndili nawo pamodzi ndi malisiti a ku positi. Yankho sindinalandire. Koma ndisanaloze chala anthu ena, inu owerenga, ndivomere kuti cholakwa choyamba chinali changa.

Ine ndine nkhalamba ya ku Mnkhanya. Ndinagwira ukalaliki pa kampu ya masikauti oyang'anira nyama kuyambira nthawi imene tsidya la Luangwa tinkangoti mu gemu, kutanthauza nkhalango yosungira nyama, ndipo ntchito imeneyo inandiphunzitsa kusataya pepala. Mapepala onse a banja lathu amakhala kwa ine, m'bokosi lachitsulo limene chiswe chinalephera.

Tinabadwa atatu: alongo anga aakulu a Esinala, ine, ndi Tereza chitsirizira. Tereza anamwalira mwana wake Gidiyoni ali ndi masabata awiri. Nthawi imeneyo a Esinala anali ndi khanda lawo, choncho anangonyamula wamasiyeyo n'kumuika kubere linalo. Kwathu kuno mwana wa m'bale wako ndi mwana wako. Kutchula kuti anabala ndi wina ndi mwano waukulu, chimodzimodzi kumuuza mwana kuti pakhomo pano ndi mlendo. Gidiyoni anadziwa za Tereza atakula, koma amene ankawatchula kuti amama anali a Esinala okha.

Atakula anapeza ntchito yoperekeza alendo oona nyama pa kampu ina ku Nkwali. Kumeneko anakomana ndi mkazi wa ku Ulaya, anakwatirana, ndipo anapita kukakhala kwawo kwa mkaziyo. Patapita zaka anadwala khansa. Tsiku lina anandiimbira foni mawu atatha mphamvu, nati madokotala amuuza kuti kwatsala miyezi, ndipo sangathenso kukwera ndege. Anapempha chinthu chimodzi: "Amalume, nditumizireni amama." Mkazi wake analonjeza tikiti ndi zonse. Kwa ine kunatsala mapepala, ntchito imene ndinkadzitama kuti ndimaidziwa kuposa aliyense m'chigwa muno.

Pasipoti titaipeza, tinakwera minibasi pa Mfuwe kupita ku Chipata, kwa mayi wina amene ali ndi kashopu kolembera anthu mafomu pa kompyuta. Ndinamuyalira zonse patebulo: reji ya a Esinala, chitupa chawo cha unzika, kalata yoitana yochokera kwa Gidiyoni, kalata ya dokotala, zithunzi za ukwati, ngakhale khadi la ubatizo la Gidiyoni limene ndinasunga chibadwire chake. Mayi uja anawerenga khadilo kawiri.

"Bambo, apa pa dzina la mayi wa mwana palembedwa Tereza. Nanga amayi awa ndi ndani kwa iye?"

A Esinala anali atakhala pabenchi pambali panga. Anawerama n'kuyamba kukonza chitenje chawo pamaondo, kenako ananena chapansipansi: "Ndimuyamwitse ine, lero andifunse kuti ndine ndani?"

Mtima unandipsa. Ndinamuuza mayi uja kuti alembe amayi ake, basi, ndipo asadzafunsenso munthu wamkulu funso lotere. Iye sanakwiye. Anandilangiza kuti tilembe zoona zake zonse, kuti awa ndi akulu ake a malemu mayi wake amene anamulera, n'kuphatikapo kalata yofotokoza. Ndinakana, poona kuti kumeneko n'kuwavula alongo anga umayi pamaso pa alendo. Anati ndiye khadi la ubatizolo lisapite nawo, poti silinafunsidwe. Ndinakananso, chifukwa chibadwire sindinabisepo pepala, ndipo ndinkakhulupirira kuti mapepala akachuluka choonadi chimaonekera. Mayi uja anapukusa mutu.

"Ine ndakuuzani, bambo. Kumeneko saona bere, amaona pepala."

Ndinamulipira n'kutuluka ndikuona ngati ndateteza ulemu wa banja.

Ulendo wa ku Lusaka unawazunza a Esinala. Miyendo inatupa m'basi, ndipo pa ofesi paja tinaima pamzere kuyambira 7 koloko mpaka dzuwa litafika pamutu. Makina odinda zala anawakana kangapo chifukwa mizere ya zala zawo inafufutika ndi mpini wa khasu. Pomaliza anatenga envulopu yathu pawindo n'kuti tidikire kunyumba. Palibe amene anatifunsa funso ngakhale limodzi.

Tinadikira mwezi wathunthu. A Esinala anali atamanga kale katundu wawo: zitenje ziwiri, therere louma ndi nsinjiro, poti Gidiyoni ankazikonda. Yankho litabwera ndinaliwerenga ndili chiimire pa positi ya pa Mfuwe. Linati viza yakanidwa chifukwa ubale umene tinalemba ukutsutsana ndi pepala limene ife eni tinapereka, kotero wopemphayo wanena zabodza, ndipo pempho lake lina lililonse lidzaonedwa mokayikira.

Apa ndinalakwanso. Kalatayo ndinaibisa masiku asanu, ndikumawauza alongo anga kuti sanayankhe. Ndinkaopa nkhope yawo. Masiku asanu amenewo akanatithandiza, chifukwa zofunika pa pempho lachiwiri zinali zambiri: kalata ya abusa amene amatidziwa, umboni wa akuluakulu awiri amene anaika nawo maliro a Tereza, ndi kulumbira kukhoti. Mvula inali itayamba, msewu wa ku Mnkhanya uli matope okhaokha, ndipo zonsezi ndinayendera pa njinga yokankha. Tinabwereranso ku Chipata kwa mayi yemwe uja. Analemba zimene anandiuza tsiku loyamba lija, ndipo tinapitanso ku Lusaka.

Gidiyoni sanadikire. Tsiku lomaliza kumva mawu ake, a Esinala anaima pachulu cha kuseri kwa sukulu, pamene foni imagwira bwino. Gidiyoni sankathanso kulankhula zomveka. Iwo ankangomutchula dzina, mkazi wake atamugwirira foni kukhutu. Anamwalira Lachinayi la sabata lomwelo, ndipo anaikidwa komweko ku Ulaya. Kuno tinalira maliro opanda mtembo. Pasipoti inabwezedwa pambuyo pake, ndi kapepala kakuti pempho latsekedwa poti woitana kulibenso.

A Esinala sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Tsiku lina tikusenda mtedza pakhonde anangoti: "Mukanangolemba zimene ankafunazo, alongo. Ine ndikanalira pa Chipata pomwepo n'kutha, koma mwana wanga ndikanamutseka maso."

Inu owerenga, ambiri a inu muli ndi ana kunja, ndipo ambiri munaleredwa ndi amayi aakulu, amayi aang'ono kapena agogo. Tsiku limene mudzalembere nkhalamba yanu fomu, musachite ngati ine. Khalani nawo pansi kunyumba musananyamuke, muwauze kuti pepala lidzatchula amene anabala ndi amene analera padera, ndipo kutero sikuwalanda mwana. Lembani zonse monga zinachitikira, mufotokoze mwambo wathu m'kalata, musaganize kuti wowerenga kutali aja audziwa. Yalani mapepala anu n'kuona ngati akugwirizana musanapereke. Munthu amene amagwira ntchito imeneyo tsiku ndi tsiku akakulangizani, mverani, ngakhale mutamuposa zaka. Ndipo uthenga woipa ukabwera, musaubise ngakhale tsiku limodzi pamene munthu ali pamphasa.

Tchimo langa ndavomera. Koma silifafaniza la ofesi ija. Anali ndi nambala yanga ya foni ndi kalata ya dokotala patebulo pawo. Funso limodzi likanakwana. M'malo mwake analemba mayi wokalamba, wosadziwa kuwerenga, amene sanalembepo liwu limodzi pa fomuyo, kuti ndi wabodza, ndipo mawu amenewo akadali pa dzina lake. A Esinala maso ayamba kuchita khungu. Akufuna kukaima pamanda a mwana wawo asanathe kuona, ndipo mkazi wa malemuyo ndi wokonzeka kuwaitana, koma tikuopa kupempha dzina lawo lisanayeretsedwe.

Choncho, popeza makalata anga sayankhidwa, ndikupempha pano poyera, mwaulemu, kuti akuluakulu a ofesi imeneyo aonenso umboni wolumbirira umene tinapereka, achotse mawu akuti wabodza pa dzina la alongo anga, ndipo atiyankhe molemba iwo akadali ndi moyo.